Kodi cochlear implant ingathandize mwana amene sanamvepo chibadwire?

Anachisale (Khombedza):
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga woyamba, amene wakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 7 koma sanatchulepo ngakhale liwu lakuti "amama". Tinayamba kukayika m'nyengo ya mvula yapitayi, tsiku limene mphezi inawomba mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Tonse tinadzidzimuka, nkhuku zinabalalika, koma iye anapitiriza kubereka chitsononkho chake kumbuyo osatembenuka n'komwe. Titapita naye kuchipatala china anatiuza kuti ana ena amangochedwa kulankhula, choncho tidikire, ndipo tinadikiradi miyezi yambiri. Mwezi watha amalume ake anatitengera ku Lilongwe, ku ABC Hearing Clinic, kumene anamuyeza ali m'tulo atamumata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu. Anatiuza kuti makutu onse awiri samva kwenikweni, moti timakina wamba tothandiza kumva mwina sitimukwanira, ndipo anatchulako chipangizo china chotchedwa cochlear implant, chimene amachiika pochita opaleshoni. Mayi ake anali kulira, ine mutu unali utaima, ndiye sitinafunse zambiri. Ndikupempha amene akuchidziwa chipangizochi atifotokozere kuti chimagwira bwanji ntchito, ndiponso ngati chingathandize mwana amene sanamvepo chilichonse chibadwire.

A Mwale (Salima boma):
Anachisale, pepani ndi nkhawa imeneyi, koma mwachita bwino kusagonja mpaka mwana wayezedwa. Ine ndimagwira ntchito zachipatala, ndipo ndiyesa kufotokoza mwachidule. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kakang'ono ngati njere ya nandolo. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, timene timalandira kunjenjemera kwa mawu n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva. Mwa ana ambiri osamva, timaselo timeneti ndi timene tinafa kapena sitinapangike bwino, pamene mtsempha uli wamoyo. Timakina wamba timangokweza mawu monga mmene mumakwezera wailesi, ndipo ngati timaselo tinafa, kukwezako sikupindula kanthu. Cochlear implant imalambalala timaselo takufato n'kukatokosa mtsempha ndi mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri.

Chipangizochi chili ndi mbali ziwiri. Ya m'kati amaibisa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, ndipo kuchokera pamenepo kawaya kofewa kamalowetsedwa m'kachigoba kaja. Ya kunja imakoledwa pakhutu, imatola mawu, ndipo ili ndi kachinthu kobulungira kamene kamamatirira kumutu ndi maginito n'kumatumiza uthenga kudutsa pakhungu. Mmodzi mwa amene anayambitsa luso limeneli, dokotala Graeme Clark wa ku Melbourne ku Australia, anapeza nzeru ya kawayako ali kunyanja, atayesa kulowetsa kaudzu m'chigoba cha nkhono n'kuona kakutsata mapindikidwe ake onse. Anaika chipangizo chake mwa munthu woyamba mu 1978. Ku America anavomereza kuika mwa ana a zaka 2 mu 1990, ndipo kuyambira 2020 amaika ngakhale mwa khanda la miyezi 9.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Mwana sachoka m'chipinda cha opaleshoni akumva. Amadikira milungu iwiri kapena inayi kuti bala lipole, kenako amachiyatsa, ndipo zimene amayamba kumva ndi phokoso chabe lopanda tanthauzo, limene ubongo uyenera kuphunzira kulimasulira kwa miyezi ndi zaka.

A Kamanga (Dwangwa):
A Mwale, zikomo chifukwa cha kufotokoza kwanu. Ine ndili ndi mng'ono wanga wa zaka 24, amene anadwala matenda oumitsa khosi asanakwanitse chaka, ndipo kuchokera pamenepo anakhala gonthi. Ndi mnyamata wamphamvu, amadula nzimbe ndipo ndalama amadzisungira yekha. Kodi titasonkherana pabanja n'kupeza chithandizo, angayambe kumva ndi kulankhula ngati ife?

A Mwale (Salima boma):
A Kamanga, ndikuyankhani mosabisa, chifukwa kukupatsani chiyembekezo chabodza kungakhale kukulakwirani. Chipangizochi chimafikitsa uthenga ku ubongo, koma amene amamva ndi ubongowo, osati khutu. Mbali ya ubongo imene imamasulira mawu imakula m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo imakula ngati ikulandira mawu. Ikakhala zaka zambiri osalandira kanthu, imayamba kugwira ntchito zina, makamaka zothandiza maso. Ofufuza anapeza kuti ana obadwa osamva amapindula kwambiri akaikidwa chipangizochi asanafike zaka zitatu ndi theka, ndipo akapyola zaka 7 phindu lake pa kulankhula limachepa kwambiri.

Munthu wamkulu amene sanamvepo chiyambire akaikidwa chipangizochi, nthawi zambiri amayamba kuzindikira kulira kwa galimoto, kuuwa kwa galu, kugogoda kwa chitseko, ndipo ena chimawathandiza powerenga milomo ya wolankhula. Koma amene amafika pomva nkhani pafoni ndi ochepa, ndipo alipo amene amachivula n'kuchisiya chifukwa phokosolo limawatopetsa. Kwa mng'ono wanu palinso vuto lina. Matenda oumitsa khosi amatha kuchititsa kuti m'kachigoba kaja mumere fupa, nthawi zina pa miyezi yochepa chabe, moti kawaya kamasowa polowera. N'chifukwa chake mwana amene wasiya kumva atadwala matenda amenewa amafunika kuonedwa mwamsanga.

N'zosiyana kwambiri ndi munthu amene anamvapo, analankhulapo, kenako makutu anatsekeka chifukwa cha malungo a muubongo, matsagwidi kapena mankhwala ena amphamvu monga gentamicin. Ameneyo ubongo wake umakumbukira mawu, ndipo umafulumira kuzolowera. Kuno kwathu maopaleshoni oyamba otere anachitika ku Blantyre kuyambira mu 2014, pamene dokotala Wakisa Mulwafu anagwira ntchito limodzi ndi madokotala ochokera ku United Kingdom, ndipo ana oyamba kuthandizidwa anali amene anasiya kumva ataphunzira kale kulankhula. Sanawasankhe mwangozi. Mwana wotero safuna maphunziro aatali ngati amene akuyambira pachiyambi.

Chimwemwe (Kamuzu Road):
Ndakhala ndikuwerenga, ndipo tsopano ndiloleni ndiyankhepo, chifukwa munthu amene mukumukamba ndi ngati ine. Ndinabadwa wosamva, ndili ndi zaka 31, ndinaphunzira kusukulu ya ana osamva ya ku Mua, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina kuno ku Kamuzu Road. A Kamanga, ndikupempheni mwaulemu kuti mawu akuti gonthi muwasiye. Ambiri a ife tinakula tikuitanidwa choncho m'malo mwa mayina athu, ndipo ine dzina langa lenileni ndinalidziwa nditafika kusukulu. Muzingoti munthu wosamva.

Anachisale, chimene chinandipweteka ine paubwana si kusamva ayi, chifukwa chinthu chimene sunachidziwepo suchisowa. Chinandipweteka ndi kukhala zaka 9 wopanda chinenero chilichonse. Kunyumba ankandiloza ndi chala ndiponso kundikoka dzanja. Ndinkadziwa kuti ndikaona amayi atenga ndowa ndiye kuti tikupita kumjigo, koma sindinkatha kufunsa kuti bambo anapita kuti, kapena chifukwa chake anthu anadzaza pabwalo lathu akulira tsiku lina. Ndinadzamva patapita zaka kuti tsiku limenelo anamwalira agogo anga amene ndinkagona nawo pamphasa imodzi. Ndinkaganiza kuti anangondithawa. Nditafika ku Mua ndinaona ana akukangana, akuseka, akunenana miseche ndi manja, ndipo m'miyezi yochepa ndinazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina. Koma zaka 9 zija sizinabwerere, moti mpaka lero kuwerenga nkhani yaitali kumanditengera nthawi, ndipo uthenga uno ndaulemba usiku wonse.

Sindikuletsani kufunafuna opaleshoniyo. Chimene ndikuopa n'chakuti mutha zaka ziwiri mukuyenda m'maofesi ndi kulemba makalata opempha thandizo, mwanayo ali phee kudikira, ndipo pomadzalephereka mudzapeza kuti wafika zaka 5 alibe Chichewa, alibenso chinenero chamanja.

A Kamanga (Dwangwa):
Achemwali a Chimwemwe, ndapepesa, ndipo sindidzabwerezanso mawu amenewo. Ndachita manyazi kuti mng'ono wanga takhala naye zaka zonsezi koma chimene timamvana ndi nsima, ndalama ndi ntchito basi. Amakonda kupita ku Nkhotakota boma Lamlungu lililonse kukacheza ndi anzake osamva, ndipo ife tinkati akungowononga ndalama ya basi.

A Jere (Chipoka):
Ine ndine wachikulire, ndipo ndinena maganizo anga ngakhale ena asagwirizane nawo. Kung'amba mutu wa mwana wa zaka ziwiri amene sakudwala, akudya bwino ndiponso akuthamanga, kukundiopsa. Komanso ndinamvapo kuti mwana ukamuzoloweza manja amachita ulesi, salimbikiranso kulankhula. Ngati Anachisale akufuna kuti mdzukulu wawo adzalankhule, kodi kumuphunzitsa manja sikukhala kumutsekera njira?

A Mwale (Salima boma):
Bambo Jere, mantha anuwo ndi omveka, koma sang'amba mutu mpaka kufika ku ubongo. Amacheka khungu kuseri kwa khutu n'kuboola fupa la pamenepo kuti afike m'khutu la m'kati, ndipo ntchitoyi imatenga maola awiri kapena atatu. Zoopsa zilipo monga pa opaleshoni iliyonse. Pafupi pamadutsa mtsempha woyendetsa nkhope umene dokotala ayenera kuusamala, bala likhoza kutukusira, ena amachita chizungulire kwa masiku angapo, ndipo mwana amayenera kulandira katemera chifukwa amene ali ndi chipangizochi amakhala pachiopsezo chokwererako cha matenda oumitsa khosi. Funso lanu lachiwiri ndilisiyira aphunzitsi.

A Gondwe (Nkhotakota boma):
Bambo Jere, ine ndinaphunzira uphunzitsi wa ana a zosowa zapadera ku Montfort ku Chiradzulu, ndipo maganizo amene mwanenawo si anu nokha, ndi akale kwambiri. Mu 1880, pamsonkhano wa aphunzitsi a ana osamva umene unachitikira ku Milan ku Italy, anagwirizana kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, ndipo kwa zaka zambiri m'mayiko ochuluka ana ankalangidwa akapezeka akulankhula ndi manja. Zotsatira zake zinali zakuti ochepa analankhuladi, koma ambiri anatuluka m'sukulu atatha zaka akuyeserera kutchula mawu amene sankawamva, osadziwa masamu kapena kuwerenga. Msonkhano wa mtundu womwewo unachita kudzakana mfundo zimenezo poyera mu 2010 ku Vancouver.

Chinenero chamanja si kuloza ndi chala. Ndi chinenero chokwanira, chili ndi malamulo ake, ndipo cha kuno ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku America kapena ku Britain. Mwana amene akudziwa kale ndi manja kuti ichi ndi madzi, ichi ndi mbuzi, uyu ndi agogo, tsiku limene adzayambe kumva adzakhala ndi poika mawu atsopanowo, chifukwa tanthauzo ali nalo kale. Ana athu a m'mbali mwa nyanja muno amakula ndi Chichewa ndi Chiyao pamodzi, ena Chichewa ndi Chitonga, ndipo palibe amene amati chinenero chimodzi chimapha chinzake. Ndisabise, akatswiri ena ophunzitsa ana a cochlear implant amalimbikira kuti mwana azidalira makutu kwambiri pa nthawi ya maphunziro, ndipo mkangano umenewu ulipobe. Koma iwowo amakamba za mwana amene chipangizo ali nacho kale, amene amaonana ndi katswiri mlungu uliwonse. Mwana wa ku Khombedza amene sakudziwa ngati chipangizocho adzachipeza sangamanidwe manja podikira chinthu chimene sichinafike.

Chimene chimavuta n'chakuti ana osamva oposa 90 mwa 100 aliwonse amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaonepo chinenero chamanja. Sukulu monga Mua, Maryview, Mountain View, Embangweni ndi Bandawe zimalandira ana akakula pang'ono, pamene zaka zofunika kwambiri zimathera pakhomo. Bungwe la MANAD, limene ndi la anthu osamva eni ake, ndi loyenera kulifunsa za kumene banja lingaphunzire.

Anabanda (Cape Town, kwathu ku Lifuwu):
Ndiloleni ndiwonjezere zimene ndimaona ndi maso tsiku lililonse, chifukwa ndimalera ana pabanja lina kuno, ndipo mmodzi mwa anawo, mtsikana wa zaka 6, anamuika chipangizochi makutu onse awiri ali ndi chaka chimodzi. Amalankhula bwino, amaimba, amaphunzira ndi ana akumva, ndipo mlendo sangadziwe kanthu pokhapokha ataona timabulungira tiwiri tomatirira m'tsitsi lake. Choncho Anachisale, yankho la funso lanu ndi lakuti inde, chimathandiza mwana amene anabadwa wosamva, ndipo ndaziona.

Koma ntchito imene ili kuseri kwake ndi yaikulu. M'mawa uliwonse, asanadye n'komwe, ndimayang'ana ngati mabatire ali ndi moto, ndimamuveka, kenako ndimaima kumbuyo kwake n'kutchula timawu tingapo kuti abwereze, pofuna kutsimikiza kuti zonse zikugwira. Mabatire otchaja amafuna magetsi usiku uliwonse, ndipo otaya aja, ooneka ngati mabatani a malaya, amatha pa masiku awiri kapena atatu. Usiku zipangizo zimagona m'kabokosi kouma kochotsa chinyezi ndi thukuta. Kawaya kakunja kamaduka kawirikawiri, ndipo tsiku lina mng'ono wake anakatafuna, moti mayi ake anathamanga ndi galimoto kukagula kena tsiku lomwelo. Zaka zoyambirira ankapita naye kwa katswiri wa kalankhulidwe mlungu uliwonse, ndiponso kwa katswiri wa makutu amene amalumikiza chipangizocho ku kompyuta n'kumasintha mphamvu ya magetsi opita ku mtsempha malinga ndi mmene mwana akumvera.

Ndikaganiza za kwathu, ndimaona kutentha kwa mu Okutobala mwana ali thukuta kamukamu, fumbi la m'misewu, magetsi ozimazima, ndi ana a ku Lifuwu amene amaswera m'madzi. Ndimaganizanso za ulendo wochoka ku Khombedza kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre chifukwa cha kawaya kamodzi. M'mayiko ambiri chipangizo pamodzi ndi opaleshoni zimadya madola masauzande makumi angapo, ndipo ngakhale wina atakulipirirani zimenezo, mbali yakunja imafuna kusinthidwa pakapita zaka, pamene mwanayo adzakhala nacho moyo wake wonse.

Chinanso chimene anthu sachidziwa n'chakuti mwanayu akadali wosamva. Akavula posamba kapena pogona, samva ngakhale mutakuwa. Ndikamudzudzula amandiyang'ana m'maso, n'kuchotsa maginito onse awiri, n'kupinda manja, ndipo nkhani imathera pomwepo. Makolo ake anaphunzira zizindikiro zingapo chifukwa cha nthawi zoterezi, ndipo inenso ndinaphunzirako.

A Jere (Chipoka):
Anabanda, kamtsikanako kandiseketsa, chifukwa enafe tikanakhala ndi mwayi wotere pa milandu ya kwa amfumu bwenzi tikuvula kawirikawiri. Koma zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti chipangizochi ndi cha anthu a galimoto ndi magetsi. Ine mantha anga sanathe, ngakhale kuti za manja zija a Gondwe andigonjetsa.

A Mwale (Salima boma):
Bambo Jere, sindikufuna kuti Anachisale achoke pano ataganiza kuti khomo latsekeka, chifukwa pa zaka 2 ndi miyezi 7 mwanayu akadali m'nthawi yabwino, ngakhale kuti ikutha. Anachisale, bwererani kumene anamuyeza mukafunse mafunso amene simunafunse tsiku lija. Choyamba, apempheni amuveke timakina wamba tamphamvu tsopano lino. Nthawi zambiri, mwana asanaganiziridwe za opaleshoni amayamba wayesedwa ndi timakina timeneti kwa miyezi ingapo, ndipo ngakhale atamva pang'ono chabe, kumva pang'onoko kumathandiza kuti mtsempha ndi ubongo zisagone. Kenako pemphani kalata yopita kwa madokotala a makutu, mphuno ndi mmero ku Queen Elizabeth ku Blantyre, chifukwa iwo ndi amene angaone ngati ali woyenera. Adzafunika kujambula m'mutu kuti aone ngati kachigoba kaja kanapangika bwino ndiponso ngati mtsempha wa kumva ulipo, popeza pali ana ena ochepa amene amabadwa opanda mtsemphawo, ndipo kwa iwo chipangizochi sichigwira. Mukafunsenso mosachita manyazi kuti mabatire, mawaya ndi maphunziro a kalankhulidwe adzachokera kuti, chifukwa chipangizo chokhala m'mutu koma chosayaka chilibe ntchito.

Kwa ena amene muli ndi makanda, musadikire mphezi. Kumene zinthu zili bwino, khanda limayezedwa makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto limatsimikizidwa pofika miyezi 3, ndipo chithandizo chimayamba pofika miyezi 6. Mwana amene anabadwa masiku osakwana, amene anachita chikasu kwambiri atangobadwa, amene anagonekedwa ndi malungo aakulu, kapena amene sakutembenukira mawu pa miyezi 6, mukakamire kuti ayezedwe, ngakhale wina akuuzeni kuti mudikire.

Anachisale (Khombedza):
Ndawerenga zonse kawiri, ndipo ndawerengeranso mayi a mwanayu ndi bambo ake. Bambo ake akhala chete nthawi yaitali pa nkhani ya agogo a Chimwemwe, chifukwa iwo amapita kunyanja milungu iwiri osabwera, ndipo mwanayu amakhala pakhomo kuyang'ana kunjira, osadziwa kuti apita kuti kapena adzabwera liti. Tagwirizana kuti tigulitse mbuzi imodzi kuti tibwerere ku Lilongwe Lachiwiri, tikafunse za timakina ndi kalata ija monga a Mwale anenera. Achibale a kuchimuna akufuna kuti tiyambe tapita kumapemphero, ndipo sitinawakanize, koma tawauza kuti ulendo wa Lachiwiri sulephereka.

Chimwemwe mwanawe, usiku wathawu ndinaona kavidiyo kamene unanditumizira kumbali, ndipo m'mawa uno ndinachita chizindikiro cha madzi ndisanamupatse kapu. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinabwereza masana, ndinabwerezanso posamba, ndipo madzulo ano wakoka chitenje changa n'kuchita chinthu chofananako ndi manja ake, ngakhale kuti zala sanaziike bwino. Sindinadziwe ngati ndimukonze kapena ndingomupatsa madziwo. Kodi ungalole kuti tidzakupeze pamene umasokerapo Loweruka, tikamabwera kudzagula zinthu ku boma?

Chimwemwe (Kamuzu Road):
Amayi, mukanangomupatsa madziwo mwamsanga, ndipo mawa muchite choncho. Zala zidzawongoka zokha, monga mmene mwana wakumva amayambira kunena "mazi" asanathe kunena "madzi". Loweruka bwerani cha m'ma 2 koloko masana, pamene makasitomala achepa. Musabwere awiri okha. Mutenge mayi ake, bambo ake ngati sadzakhala ali kunyanja, ndiponso mwana wina aliyense wa pakhomo amene amasewera naye, chifukwa ana amagwira msanga kuposa akuluakulu ndipo ndi amene amaswera naye tsiku lonse. Mutengenso zithunzi za anthu a pabanja ngati zili m'foni, kuti aliyense timupatse dzina la manja, kuyambira bambo ake. A Kamanga, mng'ono wanu dzina la manja ali nalo kale kwa anzake a ku Nkhotakota, ndipo akabwera Lamlungu mumufunse akuonetseni.